Lipoti la Disembala

Matabuleti anafika pasukulupo Lachinayi pa 3 Okutobala 2024, m'makatoni awiri, pa galimoto ya bungwe lina la ku Blantyre. Analipo khumi ndi awiri. Tsiku lomwelo amisiri anakhoma sola padenga la ofesi ya ahedi, ndipo Lolemba lotsatira Mayi Doreen Mlongoti, mphunzitsi wa Sitandade 2, anayamba kuphunzitsira zipangizozo.

Sukuluyo ili makilomita anayi kuchokera pamsika wa Lirangwe, kutsidya kwa njanji. M'kalasi ya Doreen munali ana 87. Mabuku apepala a Chichewa analipo 19, ena opanda chikuto, ena oyambira pa tsamba 11. Koma m'tabuleti iliyonse munali mabuku a nthano 120, okhala ndi zithunzi zamitundumitundu, ndipo munthu akadina kachithunzi ka pakona, mawu a mayi wina ankawerenga tsamba lonse momveka bwino. Mayiyo sankatopa, sankasasa mawu, sankakalipa.

Doreen anali ataphunzitsa zaka khumi ndi zinayi, ndipo ankaphunzitsa mmene iyenso anaphunzitsidwira: mphunzitsi anene, kalasi ibwereze. Choncho matabuleti atabwera sanavutike kuganiza. Imodzi anaisunga patebulo pake n'kuilumikiza ku kasipika. Otsalawo anagawira magulu khumi ndi limodzi, gulu lililonse n'kukhala pansi mozungulira tabuleti yake. Mayi wa m'kasipika akawerenga mzere, Doreen ankaomba m'manja kamodzi.

"Tonse pamodzi!"

Kalasi yonse inkagunda ngati mvula padenga la malata. Aphunzitsi a makalasi oyandikana ankasuzumira pawindo, n'kupukusa mitu mosirira.

Nthano yomwe ana ankaikonda kwambiri inali ya njinga ya a Mackson, bambo amene anamangirira nkhumba pakaliyala kupita nayo kumsika, nkhumbayo n'kumadya chipewa chawo panjira ponse iwo osadziwa. Pa 12 Disembala Doreen anaitana ana mmodzimmodzi kutebulo lake, n'kuwatsegulira nthano imeneyi. Ana 64 anaiwerenga kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto osaphonya liwu. Analemba chiwerengerocho m'lipoti la bungwe, nasainira pansi pake, ahedi n'kudinda chidindo cha sukulu.

Yankho linabwera pa 20 Januwale. Palibe sukulu ina yomwe inafika pamenepo. Bungwelo linapempha kuti Lachisanu pa 14 Malichi Mayi Mlongoti apite ku Chileka ndi ana khumi, akaonetse aphunzitsi a m'sukulu makumi atatu mmene amachitira. Mayina khumiwo bungwe linasankha lokha pa mndandanda wa ana 64 aja. Makolo anauzidwa. Ena anasoketsa yunifolomu zatsopano sabata yomweyo.

Zinthu zinali bwino mpaka Lachiwiri pa 18 Febuluwale. Tsikulo Doreen ankayeseza ana khumiwo nthawi ya buleki. Inali nthawi ya Ivy Chimenya, kamtsikana kowonda ka mawu akuthwa. Ivy anayamba bwino, koma ali pa tsamba lachitatu, mbuzi inakwera pamulu wa nkhuni pafupi ndi khitchini ya phala, amayi ophika n'kuyamba kuithamangitsa ndi mthiko. Ivy anatembenuzira mutu kuwindo. Pakamwa sipanaime. Anapitiriza nthano, maso ali pa mbuzi. Tabuleti inaona kuti palibe akuikhudza ndipo inadzithimitsa yokha. Ivy anamaliza masamba onse asanu ndi atatu, akupumira ndendende pamene mayi wa m'kasipika amapumira.

Doreen anayang'ana tabuleti yothimayo. Kenako anatenga choko n'kulemba pabolodi liwu limodzi lochokera m'nthano yomweyo: chipewa.

"Ivy, tawerenga apa."

Ivy anayang'ana bolodi, n'kuyang'ana aphunzitsi ake. Anakoka mpweya.

"Tsiku lina a Mackson anadzuka m'mamawa..."

"Basi, mwanawe. Pita ukamwe phala."

Masiku awiri otsatira Doreen sanapite ku buleki. Analemba m'kope mawu asanu omwe sanali m'nthano iliyonse yomwe kalasi inaphunzira, n'kuitananso ana mmodzimmodzi. Amene anawerenga onse asanu analipo asanu ndi anayi. Mwa khumi opita ku Chileka munali awiri okha.

Lachinayi ataweruka anakapeza ahedi, a Gracian Makwinja, ali mu ofesi akutchaja matabuleti. Anali bambo wa zaka 58, wamtima wabwino, wosakonda mikangano. Anamvetsera nkhani yonse akusisita chibwano.

"Madamu, anawo akatsegula pakamwa mawu akutuluka?"

"Akutuluka, ahedi."

"Akulakwitsa?"

"Sakulakwitsa."

"Ndiye vuto lili pati? Kumeneko mukatsegule ya a Mackson yomweyo, anthu aombe m'manja, timwe Fanta, tibwerere kwathu."

"Akuimba, ahedi. Sakuwerenga. Ngakhale muwapatse sileti yopanda kanthu anena zomwezo."

"Aa, nanga ife tinaphunzira bwanji? Ine ndinkaloweza buku lonse mpaka dzina la kampani yosindikiza. Lero si ndine hedi?"

"Inu buku linali limodzi ndipo munkaligwira m'manja. Awa ali ndi mayi wowawerengera. Sakuonanso chifukwa choyang'anira zilembo." Doreen anaika kope lija patebulo. "Ine ndinalemba 64 n'kusainira. Aphunzitsi makumi atatu akaona zimenezi, akachita zomwezo kwawo, akunena kuti ndi njira ya Mayi Mlongoti."

A Makwinja anayang'ana kalendala yapakhoma. "Mukufuna mutani?"

"Sindinadziwe. Ndibwerekeniko tabuleti imodzi ndipite nayo kunyumba."

"Musainire. Ndipo asagwire bambo akunyumba, manja awo ndi onyamula zikwama."

Doreen anawerenga masiku pakalendalapo. Kuchotsa Loweruka, Lamulungu ndi holide ya pa 3 Malichi, kuyambira Lolemba panali masiku khumi ndi atatu a sukulu lisanafike tsiku la ulendo.

Mkati mwa sabata iye ankagona m'kachipinda ka lendi pafupi ndi sukulu. Lachisanu masana ankakwera minibasi pa Lirangwe, kudutsa Matindi ndi Lunzu, kutsika pa Kameza, n'kukwera ina ya ku Chileka. Kumeneko n'kumene kunali nyumba yake, ndi mwamuna wake Laston, yemwe ankanyamula katundu wa apaulendo pabwalo la ndege. Mwana wawo Yamiko anali ku sekondale yogonera konko.

Loweruka m'mawa Laston anakhala pakhonde akupolisha nsapato zake za kuntchito. Doreen anali pamkeka, tabuleti ili pamiyendo, atamaliza kufotokoza zonse.

"Ndiye amake Yamiko, mwaphunzitsa kwaya?"

"Musaseke, abambo ake."

"Sindikuseka. Kwaya ya anthu 87 si masewera, ngakhale ku tchalitchi kwathu sitikwana." Anauzira nsapato n'kuipukutanso. "Ine pantchito ndimawerenga zilembo zitatu zokha pakapepala ka chikwama. Koma sindingaloweze, chikwama chilichonse ndi chachilendo. Ndikangoganizira, masuti a munthu akagona ku Joni mwini wake ali ku Lilongwe."

Doreen anaweramira tabuleti. Ankayendetsa chala pa sikirini. Pansi pa mabuku 120 aja panali batani lomwe anali asanalidinepo, lolembedwa kuti Panga Buku Lako. Anakumbukira kuti tsiku lomwe a bungwe ankaphunzitsa aphunzitsi kagwiritsidwe ntchito ka matabuleti analionetsa kwa mphindi zochepa, anthu ali kale pamzere wa chakudya. Analidina. Kamera inatseguka.

"Takhalani choncho."

Anamujambula Laston ali ndi nsapato kudzanja lina, bulashi kudzanja lina. Pansi pa chithunzi panali malo olembapo. Analemba kuti, Bambo awa akupukuta nsapato. Anayang'ana chiganizocho kwa nthawi, n'kuona kuti mwana aliyense wa maso angachinene osawerenga, chifukwa chithunzi chanena kale. Anafufuta. Analemba china n'kutembenuzira tabuleti kwa mwamuna wake.

Laston anawerenga mokweza. "Bambo awa amaopa achule." Anaika nsapato pansi. "Iii! Nkhani ya chaka chatha ija mukufuna ifike ku Lirangwe?"

"Munakwera pampando."

"Chuleyo anali mu nsapato! Ndipo sanali chule wamba ameneyo, anali ngati mbale."

"Ndilembenso zimenezo?"

"Lembani kuti bambo awa ndi olimba mtima, amanyamula zikwama ziwiri nthawi imodzi."

"Zimenezo palibe angaseke."

Pofika masana buku linali ndi masamba asanu ndi limodzi. Munali Laston, tambala wa aneba, njinga yopanda tcheni ndi mayi wogulitsa zitumbuwa pamsewu, yemwe anavomera kujambulidwa atamva kuti pansi pake palembedwa kuti amathamanga kuposa minibasi. Tsamba lililonse linali ndi chiganizo chimodzi chachifupi, chomwe chithunzi sichikanaulula. Bukulo linalibe mawu owerengera munthu.

Lolemba pa 24 Febuluwale Doreen anatumiza bukulo m'matabuleti onse, kasipika n'kukatsekera m'kabati. Asanayambe anayenda m'magulu muja, n'kuona chinthu chomwe anakhala akuchiyang'ana miyezi inayi osachiona. Ana akazungulira tabuleti, awiri kapena atatu okha ndi amene zilembo zimawayang'ana bwino. Ena amaziona chammbali, ena chadodolido. Anatenga choko n'kujambula mizere pansi, kuti gulu lililonse likhale mbali imodzi, aafupi kutsogolo, aatali kumbuyo, tabuleti itatsamira khoma.

"Lero palibe tonse pamodzi," anatero. "Aliyense awerenge chamumtima. Ukamva zomwe zalembedwa usauze mnzako. Ubwere undinong'oneze ine."

M'kalasimo munagwa bata lomwe linali lisanamvekepo. Mphunzitsi wa Sitandade 3 anasuzumira pawindo kuti aone ngati ana atuluka. Panapita pafupifupi mphindi imodzi. Kenako kumbuyo mtsikana wina, Rosemary, anaphulika kuseka, n'kudzigwira pakamwa. Wina anaseka kugulu la pakhomo. Wina pakati.

"N'chiyani? Rosemary, n'chiyani?"

"Sindikuuza. Amadamu akana."

"Ndiuze pang'ono, ndikupatsa bwemba."

"Werenga wekha!"

Doreen anawerenga amene anaseka. Anali asanu ndi anayi omwe aja. Ena onse 78 anali atakwinya nkhope, akuyang'ana bambo wa nsapato uja mokwiya, ngati wawabisira chakudya. Aka kanali koyamba kuona ana ake akuyang'ana zilembo ndi njala.

Anapita pabolodi. "Amene akufuna kudziwa, tiyeni. Liwu lomaliza likuyamba ndi a. Chotsatira n'chiyani?"

Anayambira pa maphatikizo: cha, che, chi, cho, chu. Zinapezeka kuti ambiri ankawadziwa kuchokera ku Sitandade 1, anangosiya kuwagwiritsa ntchito. Pofika nthawi yoweruka ana ena atatu anali atabwera kudzamunong'oneza m'khutu za achule, mpweya wawo ukununkha phala.

Kuyambira tsikulo, buku latsopano linkatuluka pa masiku awiri alionse. Theka la ola loyamba linali la maphatikizo pabolodi, lachiwiri la buku. Mabuku a bungwe aja sanawataye: ankawatsegula Lachisanu, mawu atathimitsidwa, ndipo mayi wa m'kasipika ankaloledwa kulankhula pamapeto pokha, ana atayesa kale okha. Madzulo Doreen ankayenda ndi tabuleti mpaka kumsika kukasaka zithunzi. Anthu anazolowera. Amayi a phala anapempha kuti awajambule atavala zitenje zabwino. Wakabaza wina, Tony, anamutsatira mpaka pamjigo.

"Madamu, mwana wanga akuti ndili m'buku. Mwalemba zotani?"

"Mum'funse iyeyo."

"Akukana! Akuti ndikawerenge ndekha. Mwana wobereka ine!"

Sabata yachiwiri a Makwinja anamuitana mu ofesi. Anatseka chitseko, n'kukhosomola pang'ono.

"Madamu, ndamva kuti mlonda ali m'buku."

"Alimo, ahedi."

"Amayi a phala alimo. Ngakhale galu wa a Stewart, aneba athu aja, alimo."

"Eya."

"Ndiye pasukulu pano palibe hedi?"

Doreen anawajambula atakhala patebulo, atagwira cholembera, nkhope yaulemu. Ahediwo anapempha kuti aone chiganizo chisanapite kwa ana. Doreen analemba kuti, Ahedi amavina akakhala okha. A Makwinja anawerenga kawiri.

"Wakuuzani ndani?"

"Windo la ofesi yanu lilibe katani."

"Chabwino. Koma muwonjezere kuti amavina bwino."

Masiku amenewo Doreen ankafika kuchipinda chake mawu ali bwinobwino, chinthu chomwe chinali chisanachitike chiyambire ntchito. Miyendo ndi imene inkawawa. Lachisanu pa 7 Malichi anayesanso kalasi ndi mawu asanu atsopano, ndipo anakhoza ana 16. Lachinayi pa 13 Malichi anakhoza 23. Mwa khumi a ku Chileka, owerenga anali asanu ndi mmodzi. Ivy anali wachisanu ndi chimodzi, ndipo anatenga nthawi yaitali kuposa onse.

Masana a tsikulo Doreen anawauza ahedi zomwe ankafuna kukachita mawa lake. A Makwinja anavula magalasi n'kutseka maso.

"Mundiphetsa, madamu."

"Dzina lili pa lipotilo ndi langa."

"Chidindo ndi changa." Anavalanso magalasi. "Mukanene ndi 23 yemweyo. Musakangonena 9 n'kukhala pansi. Ndipo ine ndikakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko."

Lachisanu minibasi inanyamuka pasukulu nthawi ya 6:40 m'mawa, makolo ataima m'mbali mwa msewu. Inafika ku Chileka 8:25. Msonkhano unali mu holo ya tchalitchi china. Aphunzitsi anakhala pamabenchi, aliyense ndi kope ndi botolo la madzi. Kutsogolo kunali Mayi Thandizo Kapito, woyang'anira ntchitoyi kubungwe, mayi wachangu wolankhula akuyang'ana wotchi.

Nthawi ya 9:30 Mayi Kapito anaimirira. "Tsopano tione zomwe tonse tabwerera. Ku Lirangwe, m'miyezi iwiri yokha, ana 64 mwa 87 anayamba kuwerenga nthano yonse. Mayi Mlongoti, bwalo ndi lanu."

Anthu anaomba m'manja. Ana khumi anaima pamzere, awiriawiri atagwira tabuleti imodzi, yunifolomu zili zowongoka. Doreen anaima pambali pawo n'kukweza mawu.

"Njinga ya a Mackson. Tonse pamodzi!"

Anawo anaiyamba ndi kuimaliza ngati madzi otsika phiri, zala zikuyenda pamatabuleti. Pa nkhumba ndi chipewa holo inaseka. Atamaliza, m'manja munaombedwa kwa nthawi yaitali, mayi wina mpaka kuimba nthungululu. Mayi Kapito ankajambula pafoni.

Doreen anadikira kuti phokoso lithe. "Ana, tembenuzani."

Anawo anatembenuzira matabuleti kwa anthu, akudziletsa kuseka, chifukwa anali atayeseza zimenezi dzulo lake. Masikirini onse asanu anali bii. Sanayatsidwe n'komwe.

Mayi Kapito anatsitsa foni.

"Aphunzitsi anzanga," anatero Doreen, "mwaona zomwe ine ndinaona pa 18 Febuluwale. Pa 12 Disembala ndinayesa ana pa nthano yomwe anaimva maulendo oposa makumi awiri, n'kulemba 64. Ndinalakwitsa ndine, osati ana, osatinso tabuleti. Nditawayesa pa mawu achilendo anapezeka 9. Dzulo anali 23. Ndifotokoza zomwe tachita pakatipa, koma poyamba wina anditchulire nambala iliyonse, kuyambira 20 mpaka 120. Mabuku amenewo sitinawatsegulepo."

Aphunzitsi anayang'anana. Kenako bambo wina pabenchi yachitatu anati, "93."

Ana anayatsa matabuleti. Doreen anathimitsa mawu n'kutsegula buku la 93. Inali nthano ya mtsikana amene anataya nsapato imodzi pa mlatho. Rosemary anawerenga tsamba loyamba, pang'onopang'ono koma osaima. Wachiwiri anakakamira pa liwu lakuti mtsinje, n'kulibwereza katatu mpaka linatuluka. Itafika nthawi ya Ivy, anaika chala pansi pa chilembo choyamba n'kuyamba kudula liwu lililonse m'zidutswa, milomo ikuyenda mawu asanatuluke. Mzere wa mawu asanu ndi awiri unamutengera masekondi makumi anayi. Mphunzitsi wina kutsogolo anatsegula pakamwa kuti amuthandize, mnzake n'kumugwira mkono. Ivy atafika pa mpumiro anadzutsa mutu n'kufunsa mokweza:

"Ndiye apita bwanji kusukulu ndi nsapato imodzi?"

"Tsamba lotsatira likuuza," anatero Doreen.

Asanu ndi mmodzi anawerenga. Anayi otsalawo Doreen anawapatsa liwu limodzilimodzi, ndipo atatu analitha. Womaliza anatchula phatikizo loyamba n'kuima. Doreen anamugwira paphewa, n'kuuza holo kuti mwezi wathawu mwanayu sankadziwa kuti kuwerenga kumayambira kumanzere. M'manja munaombedwa, osati mwaphokoso ngati poyamba. Kenako anafotokoza za mizere ya choko, za kuthimitsa mawu, ndi za batani la pansi lija. Anaonetsa tsamba limodzi lokha la mabuku ake, la galu wa a Stewart. Zolembera zinkayenda m'makope.

Pa nthawi ya tiyi Mayi Kapito anamuitanira pambali, pafupi ndi windo. Sankamwetulira.

"Mukanandiimbira foni, Mayi Mlongoti."

"Ndikanaimba. Ndinaopa kuti musintha pulogalamu, ana n'kusabwera. Makolo anali atasoketsa kale."

"Ndikanasinthadi." Anayang'ana foni yake. "64 ameneyu ndinamutumiza kale kwa akuluakulu anga. Mukudziwa kuti Lolemba ndikafunika kufotokoza?"

"Ndikudziwa. Pepani." Doreen anatulutsa envulopu m'chikwama. "Ndalemba lina. Muli maulendo onse atatu oyesera, mawu omwe ndinagwiritsa ntchito, ndi mayina a ana."

Mayi Kapito anatsegula n'kuwerenga ataimirira, tsamba loyamba mpaka lachitatu. Anafunsa ngati 23 aja anayesedwa aliyense payekha. Anafunsanso ngati mawu a pa 13 Malichi anali osiyana ndi a pa 7. Doreen anayankha kuti eya, zonse ziwiri.

"Ili ndilitenga," anatero Mayi Kapito. "Gawo la masana linali la kasamalidwe ka mabatire. Ndilifupikitsa. Mubwerenso kutsogolo, muonetse batanilo pang'onopang'ono, aliyense apange tsamba limodzi asanapite. Ndipo ulendo wina muziimba."

"Ndiziimba."

A Makwinja anali atachoka kale pafupi ndi chitseko. Anali pakati pa aphunzitsi anayi, kapu ya tiyi m'manja, akufotokoza kuti kusukulu kwawo nkhani ya kuwerenga saitenga mwachibwana. Ana anali panja pamthunzi ndi mabanzi awo. Doreen anathira tiyi, nakhala pamapeto a benchi. Njala anaimva nthawi yomweyo, yeniyeni, ndipo anadya banzi lonse osalankhula ndi munthu.

Bambo uja wa nambala 93 anabwera n'kukhala pambali pake. Anali wachikulire, wa imvi m'mbali, jekete lake lotuwa m'zigongono. Anati dzina lake ndi Ackim Nansongole, amaphunzitsa Sitandade 2 cha ku Kuntaja. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Madamu, ine ndinalemba 58."

"Munawayesa pa nthano iti?"

"Ya nkhumba yomweyo."

Anayang'anana. A Nansongole anayamba kuseka chamumtima, mapewa akugwedezeka, mpaka tiyi anatayikira pa thalauza.

"Ndimati ndine katswiri," anatero akupukuta ndi mpango. "Mkazi wanga ndinamuuza kuti akandipatsa mphotho. Ndiye mawu asanu aja, munthu amasankha otani?"

"Alionse omwe sali m'nthano zomwe anamva. Awiri afupiafupi, awiri apakati, limodzi lovutirapo. Muziitana mmodzimmodzi, ena ali panja, apo ayi amauzana."

"Ndikapeza angati, mukuganiza?"

"Sindingadziwe, aphunzitsi. Mukawayese Lolemba."

A Nansongole anatsegula kope lawo patsamba loyera, nalemba pamwamba kuti Lolemba, 17 Malichi. Pansi pake analemba manambala kuyambira 1 mpaka 5, n'kukhala akuganiza, cholembera chili pamlomo.

"Khasu," anatero. "Mulibe khasu m'nthano zija, eti?"

"Mulibe."

Analemba.